Mchera si Chitsime

Lolemba, 17 Ogasiti 1992

Iwe amene watsegula buku ili osapempha, yankha kaye. Unayamba wamvapo ludzu? Sindikunena ludzu la munthu wochokera kumpira. Ndikunena loti lilime kumamatira kukamwa, mwana kulira popanda misozi. Ngati sunalimvepo, tseka, kasodze usipa. Ngati ndi inu aphunzitsi a Nathaniel, werengani, koma musandikonzere malembo. Ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo chimene ndalemba ndi chomwecho chimene ndikunena.

Ndine Filipe. Kwathu ku Changara, ku Tete, dziko la miyala, masau ndi milambe. Boma lathu linandikweza lole n'kukanditaya ku Niassa, ati ndikalime. Nkhondo inandipeza komweko. Ndinalowa pa Chiponde ndi mkazi wanga Teresa ndi mphika umodzi. Tsopano tili kumtunda kwa Malindi, pamalo amene anatipatsa Che Awa ndi amuna awo Che Yasini.

Chaka chino mvula inathawa mu Januwale. Chimanga chinapsa chili chiimire. Mjigo wa pasukulu ukungotulutsa mphepo. Kunyanja n'kutali. Mkazi akanyamuka m'mawa amabwera dzuwa litapendeka, madzi ena atatayikira m'njira.

Ndiye ndinakumba mchera, monga timachitira kwathu. Mtsinje wa pano ndi mchenga wokhawokha, koma pansi pa mchengawo pali dongo, ndipo madzi amagona padongopo ngati m'mbale. Umakumba mpaka mchenga utanyowa, basi, n'kusiya. Madzi amabwera okha, pang'onopang'ono, iwe n'kumatunga ndi chikho. Ndinakumba pafupi ndi mkuyu waukulu, n'kutchinga ndi minga. Mudzi wonse wamwa pamenepo kuyambira mu Juni. Sindinakanize munthu. Kwathu madzi sitikaniza, ngakhale kwa amene anakubera mbuzi.

Lero kwabwera Bakali, mchimwene wake wa Che Awa. Mwini ng'ombe, mwini ngolo, mwini makoka kunyanja. Waima pamwamba pa dzenje langa, manja kumbuyo. Ati: "Chitsime chathuchi n'chaching'ono."

Chathu. Chitsime. Mawu awiri, mabodza awiri.

Pamaso ndimamutchula Che Bakali. M'buku muno ayi.

Lachisanu, 21 Ogasiti

Tsiku lolandira chakudya cha othawa nkhondo. Ufa wachikasu, nandolo, timafuta. Pobwera nditasenza thumba, Bakali ali pakhonde pake. "Alendo akudya za azungu, eni dziko tikudya madeya." N'zoona, sindingatsutse. Koma si ine ndinalemba lamulolo. Ndipo mbale yoyamba ya ufawo Teresa amakatula kwa mlongo wake wa Bakali yemweyo.

Kumchera ndapeza minga yafutukulidwa. Ziboda ponseponse. Ndowe m'madzi. Ng'ombe zake.

Ndinabwerera kukamuuza, ndipo sindinanong'one. Iye ati: "Anthu a m'chipululu inu mungaphunzitse yani za madzi? Ife tinabadwira m'madzi." Ine ndati n'chifukwa chake simuwadziwa. Munthu amene sanasowepo chinthu sachidziwa.

Masana onse ndakhala ndikukapa madzi oipawo ndi kusintha mchenga. Msana. Minga m'manja. Akazi adikira mpaka madzulo, ndowa zili pamzere. Bakali sanafikeko.

Lachitatu, 2 Seputembala

Bawo ndi Che Yasini pansi pa mango. Andidya kawiri. Amaseka asanadye n'komwe, mano awiri okha otsalawo ali poyera. Munthu yekhayo pano amene amanditchula achimwene osati chifukwa akufuna kanthu.

Mawu aja a Bakali akundiyabwabe. Chipululu. Ndinapita kwa aphunzitsi a Nathaniel, a ku Ntcheu, amene boma linawataya kuno ngati ine. Ndati tandiuzeni, chipululu chenicheni chili kuti? Atulutsa buku lopanda chikuto, akuwerenga Chingerezi n'kumandimasulira.

Kuli dziko lotchedwa Atakama, ku Chile. Malo ena kumeneko munthu akhoza kubadwa, kukwatira, kumera imvi, osaona mvula. Kuli Namibu, mchenga wofika mpaka kunyanja yamchere. Mvula kulibe koma nkhungu m'mawa, ndiye kachirombo kena kamazondoka, mutu pansi, nkhungu n'kumatsikira kukamwa. Ku Kalahari anthu amazika bango mumchenga n'kuyamwa madzi, n'kusunga m'zigoba za mazira a nthiwatiwa. Amenewo ndi abale anga. Tikanakumana, tikanamvana osalankhula.

Akuti ku Sahara kale kunali mitsinje ndi ng'ombe, zithunzi zake zikadali pamiyala. Ndati kunalinso a Bakali awo.

Akutinso chipululu china ndi cha madzi oundana, kozizira, kopanda mvula. Icho sindinavomere. Aphunzitsi aseka, ati bukulo silinama. Chabwino.

Koma bukulo lajambula mchenga ndi ngamila basi, ngati kumeneko kulibe kanthu. Dziko louma si lopanda kanthu. Limabisa. Mtengo wake masamba ang'onoang'ono, mizu yaitali. Chule amadzikwirira n'kudikira. Munthu wake salankhula zambiri masana. Apa pokha ndiye ndinalephera kutengera.

Lachitatu, 9 Seputembala

Ndilemba monga zinachitikira.

M'mawa Bakali wabwera ndi alovi ake, anyamata okoka makoka, atanyamula mapiki ndi mafosholo. Ati akuzamitsa chitsime kuti ng'ombe ndi anthu onse akwane. Kwa iwo dzenje lililonse la madzi ndi chitsime, ndipo chitsime ukachizamitsa madzi amachuluka. Ndati ichi si chitsime, ndi mchera. Pansi apo pali dongo. Mukaboola dongolo mwaboola mbale.

Aseka. Mmodzi ati: "Madzi amachokera pansi, bambo, sachokera m'mbali."

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinamuuza Bakali pamaso pa alovi ake, pamaso pa akazi onse, kuti ng'ombe zake zili ndi nzeru kuposa mwini wake, chifukwa izo zimamwa osakumba. Akazi ena anaseka. Nkhope yake inasintha. Anavula malaya, kulanda piki, kulumphira m'dzenje yekha.

Alovi awiri anandigwira. Ndinaona dongo likutuluka, lotuwa, lonyezimira, zibuma zikuluzikulu. Kenako timiyala touma. Madzi anazungulira pang'ono ngati m'beseni lobooka.

Che Yasini madzulo: "Achimwene, mukanamuuza pambali. Munthu uja pagulu sabwerera." Ndati choonadi chilibe pambali. Iwo anangoti, "Eee," n'kumayang'ana pansi.

Lachisanu, 11 Seputembala

Gwa. Dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu, louma ngati nkhokwe ya chaka chino. Akazi aima mozungulira. Kenako mmodzi mmodzi kusenza ndowa, ulendo wa kunyanja. Ena akupita kuthamanda la kudambo, lobiriwira, kumene ng'ombe zimagonamo.

Ndipo Bakali atatuluka mumzikiti wauza anthu kuti mlendo wamanga madzi ndi mankhwala a kwawo chifukwa cha nsanje. Ine! Ana akundithawa m'njira.

Mulungu, Inu mukudziwa kumene kuli Atakama. Munyamuleni mukamutule pakati penipeni, ndi piki yake. Akumbe mpaka atuluke mbali ina. Ng'ombe zake zimutsatire. Makoka ake awakoke pamchenga, agwire miyala.

Sindidzakumbiranso munthu wa pano. Ndalumbira.

Loweruka, 26 Seputembala

Masiku onsewa ndakhala ndikuyenda mumtsinje masana, dzuwa lili paliwombo, anthu atabisala m'makonde. Aziti ndapenga.

Ndapeza. Kumtunda, kuseri kwa mathanthwe, pamene mtsinje wakhota. Njuchi ndi agulugufe akutera pamchenga malo amodzi. Anyani anapalasapo. Ndakumba ndi manja ndi chigoba cha mlambe. Kufika m'chigongono, kuzizira. Kufika paphewa, kunyowa. Ndinakhala pansi n'kudikira, mtima uli phaphapha ngati tsiku lija tinkadutsa malire.

Madzi oyera. Okoma. Ndamwa ndi manja, ndalira pang'ono. Palibe anaona.

Ndavindikira ndi mwala wafulati, mchenga pamwamba, mapazi ndafafaniza ndi nthambi. Teresa yekha ndamuuza. Azipita ngati wokatola nkhuni, chigubu m'kati mwa mtolo. Iye ati: "Nanga Che Awa?" Ndati Che Awa akadziwa, mchimwene wawo wadziwa. Akadziwa iye, mawa kuli mapiki. Abwere kaye pamaso pa anthu omwe aja, anene kuti anaboola ndi iye, kuti mankhwala kunalibe. Akatero ndiwatsogolera ndekha.

Teresa wangomanga chitenje n'kutuluka.

Lolemba, 5 Okutobala

Wailesi ya aphunzitsi ikuti dzulo asainirana mtendere ku Roma. Anzathu ena avina. Teresa walira, akuti mwina mayi ake akadali moyo ku Mandimba. Ine sindikudziwa. Ku Changara ndani angandizindikire? Ndipo akuti kumeneko chilala chaposa kuno.

Bakali pamsewu: "Nkhondo yatha. Malole anu abwera liti?" Ndati abwera tsiku limene mudzaphunzire kusiyanitsa mbale ndi mtsuko.

Ng'ombe yake ina yagwa m'njira ya kunyanja, yalephera kudzuka. Aizinga pomwepo. Nyama yake yolimba ngati chikopa, palibe mafuta. Ndinapita dala kukaonerera. Ndinakondwa, ndipo sindibisa. Zigwe zonse, imodzi imodzi, iye akuona.

Kutentha. Mphepo ikuwomba ngati yochokera m'ng'anjo. Kamwazi wayamba m'mudzi. Ana awiri a kutsidya awatengera kuchipatala pa njinga. Onse omwa kuthamanda.

Lachitatu, 14 Okutobala

Bawo palibe sabata yonseyi. Che Yasini agona. Kutsegula m'mimba, magazi. Miyendo ya Che Awa siingafike kunyanja tsiku ndi tsiku, ndiye amatunga kuthamanda n'kusefa ndi mpango. Mpango ungasefe chiyani?

Ndakawaona. Achepa ngati mwana. Ati: "Achimwene, musasangalale, ndikudzuka ndidzakudyeninso." Milomo yong'ambika.

Dzulo Teresa akudutsa ndi mtolo wake, Che Awa ali pakhomo. Anangoti: "Teresa, nkhuni zako zikudontha." Basi. Sanafunse kanthu. Analowa m'nyumba.

Teresa wandikalipira m'Chiyao, m'Chipwitikizi, m'Chichewa. Ati: "Si inu mumati kwanu madzi sakaniza?" Ndati sindikukaniza, ndikudikira. Khomo la Bakali lili apo, langa lili apa. Mawu ochepa okha. Iye ati: "Ndiye a Yasini amwe mawuwo?"

Ndamulola azikawapatsa mphika umodzi patsiku, azinena kuti ndi a kunyanja. Wandiyang'ana ngati sakundidziwa.

Ndatuma aphunzitsi kwa Bakali. Kuti ngati avomera pagulu, mwina madzi angapezeke. Yankho: "Mwaona? Ndinanena kuti anamanga ndi iye."

Afe ndi ludzu munthu ameneyu. Lilime litupe.

Lachinayi, 22 Okutobala

Che Yasini amwalira m'mawa uno.

Sindilemba zambiri.

Asilamu sagoneka maliro. Thupi liyenera kusambitsidwa ndi madzi oyera, ambiri, lisanakulungidwe m'sanda. M'mudzi monse munalibe ndowa imodzi yoyera. Ashehe atayang'ana a kuthamanda anapukusa mutu. Wopita kunyanja akanabwera mochedwa.

Teresa sanandifunse. Anatenga ndowa, anaima pabwalo, anaitana akazi m'Chiyao. Ndinawaona akukwera mtsinje pamzere, iye patsogolo. Sindinamuletse. Sindinawatsatire.

Anabwera ndowa zodzaza. Podutsa pakhomo panga palibe anatembenuka.

Lachisanu, 23 Okutobala

Tinawaika dzulo lomwelo, dzuwa lisanalowe. Jeneza, chithatha chawo cha maliro, amalandirana, aliyense phewa lake pang'ono. Ine si Msilamu koma ndinalowapo, palibe anandichotsa. Opepuka ngati mtolo wa mapesi. Nditayang'ana mbali inayo, Bakali. Tinayenda choncho, mlamu wake pakati pathu. Iye maso kutsogolo. Inenso.

Ndi iye anawapha. Piki ija. Akanandimvera, bwenzi mudzi wonse ukumwa pamkuyu mpaka lero, thamanda lija likanakhala la ng'ombe zokha. Ndikanena zimenezi Teresa amangotuluka panja.

Aphunzitsi ati anthu akulankhula ziwiri. Ena akuti Bakali anaboola. Ena akuti mlendo anakhalira madzi mwezi wathunthu anthu akudwala. Ndati si mwezi. Iwo ati: "A Filipe, mukufuna tiwerenge masiku?" Ndawauza atuluke.

Che Awa ali m'nyumba, sadzatuluka mpaka nthawi yawo ya umasiye itatha. Atumiza bawo lija ndi mdzukulu wawo Mwanabibi, mayi wa ana atatu amene kale ankandipatsa moni. Walitula pakhonde n'kubwerera. Kaya ndi mphatso, kaya ndi chiyani. Sindinalikhudze.

Lachiwiri, 27 Okutobala

Mchera wa kumathanthwe ndi waung'ono. Unali wokwanira nyumba imodzi, mwina zitatu. Tsopano mudzi wonse, ndi a kutsidya omwe. Ndimakhala pomwepo kuyambira m'mawa, chikwanje pambali. Chikho chokha, ndowa isalowe. Ng'ombe isayandikire. Wobwera ndi khasu ndimudula dzanja, ndanena poyera. Akundimvera tsopano. Palibe akunditchula dzina.

Madzi akuchedwa kubwera tsiku lililonse. Dzulo mkazi womaliza wapita ndi theka la ndowa. Kumwamba kuli mbee, kopanda ngakhale kamtambo. Sufika mvula mchera umenewu. Ndaika dzanja pansi, ndikudziwa.

Wa pamkuyu ndiye waukulu. Madzi akadali mumchenga wa kumtunda kwake, akungotsikira pabowo lija n'kumapita. Ukhoza kuchira. Kutsekapo ndi dongo, kuponda ndi mapazi, kuthira lina, kupondanso, mpaka mbale itabwerera, kenako mchenga pamwamba. Kwathu ndinaonapo zikutheka. Koma dongo labwino lili kudambo, m'munda mwa Bakali. Ngolo ndi ya Bakali. Ng'ombe ziwiri zimene zingakokebe ndi za Bakali. Mapazi ambiri ndi a alovi a Bakali.

Teresa ati: "Pitani mukamupemphe." Ine? Ndikapemphe munthu kuti akonze chimene anaswa yekha?

Lachinayi, 29 Okutobala

Lero mlovi wake wabwera pakhomo ndi chambo zinayi zazikulu pachingwe. Ati Che Bakali akuti zakale zithe, tonse tataya munthu. Akuti ngolo ndikhoza kubwereka, anyamata andithandiza, koma iwo ali ndi zochita kunyanja.

Zochita kunyanja!

Chambo sitinadye chiyambire chaka chino. Teresa anaziyang'ana, inenso. Ndazibweza. Ndanyamula ndekha mpaka pakhonde pake, ndazipachika pamsomali wa chitseko, mkazi wake akuona. Iye anali m'kati, ndinamva akutsokomola. Ndalankhula mokweza kuti mawu alowe pazenera, ndipo ndikulemba pano kuti mawa ndisachotsepo kanthu.

Nsomba sizitseka bowo. Anyamata aja sanaboole okha. Amene anavula malaya n'kulumphira m'dzenje ndi piki, akazi onse akuona, avulenso malayawo. Ine dongo ndisankha, ndilowa naye m'dzenjemo, ndiponda pambali pake mpaka miyendo itakana, ngakhale tisalankhulane mpaka kufa. Za mankhwala zija asiye, sindikufunanso kuti apepese, mawu ake ndilibe nawo ntchito. Koma mlongo wake ali m'nyumba muja, ndipo sabata ya mawa, mchera wa kumathanthwe utauma, adzafunabe madzi.

Mawa m'mawa, Bakali. Ngolo, dongo, ndi mapazi ako. Ukatseke chimene unaboola.